Kalata ya ku Yunivesite Si Kolapira Machimo

Pa Lamulungu lina m'nyengo yosankha fodya, titatuluka m'tchalitchi kuno ku Lisasadzi, kudafika pakhomo panga mtsikana wina amene ndidamphunzitsa ali wamng'ono. Dzina lake sinditchula, ngakhale mudzi wake, ndipo zimene ndisimbe pano wandilola yekha. Adagwada chapatali monga mwa ulemu wa kwathu, nandipatsa mapepala awiri. "Aphunzitsi," adatero, "mundiwerengere makalata awa, mundiuze yoti nditumize."

Mtsikanayu adasiya sukulu ali Fomu 2 chifukwa cha pathupi. Adakhala pakhomo zaka ziwiri akulera mwana ndi kusoka fodya m'chigafa cha atsibweni ake, kenaka adabwerera kusukulu nakhoza bwino mayeso a Fomu 4. Tsopano akufunafuna thandizo loti akaphunzire ku yunivesite ya kunja, ndipo eni thandizolo amupempha kalata yodzifotokoza, ija imene pa Chingerezi amati personal statement.

Kalata yoyamba adamlembera mnyamata wina wa m'tauni amene amalipiritsa pa ntchito yotere. Inali yonyowa ndi misozi kuyambira mzere woyamba kufikira wotsiriza. Idatchula mwamuna amene adampatsa pathupi, idasimba mawu owawa amene mayi ake adayankhula usiku umene zidadziwika, ndiponso idawonjezera njala ndi nkhanza zimene pakhomopo sizidachitike. Kalata yachiwiri adailemba momvera atsibweni ake. Iyo idati mtsikanayu adadwala zaka ziwiri, ndipo pamalo pofunsa ngati ali ndi ana pafomupo padalembedwa kuti alibe.

Ndidamuuza kuti asatumize ngakhale imodzi. Ndipo ndalemba nkhani ino chifukwa alangizi a mitundu iwiriyi achuluka pakati pathu, ndipo onse awiri akuwononga ana athu, wina ndi bodza, wina ndi malonda a manyazi.

Poyamba makolo akhazike mitima pansi pa chinthu chimodzi. Mwana amene akupempha malo m'mayunivesite a boma muno m'Malawi, kaya ku Zomba, ku Bunda, ku Mzuzu, ku Thyolo kapena ku Blantyre, amadzera ku bungwe la National Council for Higher Education, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 15 chaka cha 2011 loyang'anira maphunziro apamwamba. Kumeneko chimene chimayankhula ndi satifiketi ya MSCE: maphunziro 6 okhoza bwino kuphatikizapo Chingerezi, ndi mapointi ake. Mbiri ya mtima wa mwana sakuifuna. Kalata yodzifotokoza imabwera makamaka mwana akamagogoda kunja, kapena akamapempha thandizo kwa mabungwe monga Mastercard Foundation, imene idayamba kulipirira ophunzira a mu Africa mu 2012. Kale khomo lotere linali la ana a m'tauni okha. Lero foni ya m'manja yalifikitsa pakhonde pa tenanti, ndipo funso la mtsikana uja lasanduka la mabanja ambiri.

Ife a ku Kasungu funsoli sitiyenera kulivutikira kwambiri, pakuti yankho lake timaligwira ndi manja chaka ndi chaka. Mlimi aliyense amadziwa kusiyana kwa kusankha fodya ndi kubisa fodya. Posankha, timakhala pansi m'chigafa nkumayang'ana tsamba lililonse: lalitali pa lokha, lalifupi pa lokha, lobiriwira pambali, lowola kudzala. Palibe wogula amene adamuimbapo mlandu mlimi chifukwa chosiya tsamba lowola kumudzi. Ogula safuna kuona zonse zimene zidamera m'munda. Afuna kuti zimene zalembedwa kunja kwa belo zigwirizane ndi zimene zili m'kati. Koma pali mlimi wina amene podinda belo pa jeke amaika fodya wabwino pamwamba ndi pansi, pakati nkulongapo wowola, mwinanso miyala ndi zitsotso kuti sikelo ikwere. Ameneyo ndi wakuba. Belo lotere likatsekulidwa ku okushoni ya ku Chinkhoma kapena ku Kanengo limabwezedwa, ndipo chitonzo chake chimagwera ndi alimi osalakwa a kalabu yonse.

Atsibweni a mtsikana uja, amene sangalole mwala m'belo lawo, adafuna kuuika m'kalata ya mdzukulu wa mbumba yawo. Sindiwaweruza mtima, chifukwa adachita izi mwa chikondi ndi mantha. Iwo adakula m'masiku amene mtsikana wotenga pathupi ankachotsedwa sukulu mpaka kalekale. Koma masiku amenewo adatha mu 1993, pamene boma lidalola kuti mtsikana akabereka abwerere m'kalasi, ndipo ndondomeko imeneyo idakonzedwanso mu 2018. Chimene malamulo a dziko adasiya kuchiyesa khomo lotsekedwa, bwanji ife tikuchikwirirabe ndi bodza?

Ndipo bodzalo taliyang'anitsitsani. Pansi pa fomu iliyonse yotere pali malo amene wopempha amasaina kutsimikiza kuti zonse walembazo ndi zoona. Mayunivesite amadzisungira mphamvu yomchotsa wophunzira, ngakhale atayamba kale maphunziro, zikadziwika kuti adalowa ndi chinyengo. Kalata ya mphunzitsi wamkulu imatumizidwa payokha, ndipo iye sanapangane nanu za matenda opekawo. Akuluakulu adati mlandu suwola. Koma ngakhale bodzalo litapanda kugwidwa, likadali ndi mtengo wina umene atsibweni aja sadauwerenge. Mwana amene akuyenda pabwalopo, wobatizidwa, wodziwika ndi dzina, mayi wake akadasaina ndi dzanja lake kuti kulibe. Akadakhala zaka zinayi kunja akubisa chithunzi chake, akunong'ona pafoni, akuopa mnzake wa m'chipinda. Digiri yogulidwa pokana mwana ndi yodula kopambana.

Chimodzimodzi mnyamata amene zotsatira zake zidaimitsidwa chifukwa chogwidwa ndi likasa m'chipinda cha mayeso. Akafunsidwa ngati adalangidwapo pasukulu, ayankhe kuti inde. Mabuku a MANEB sapsa chifukwa iye waiwala. Apa tisiyanitsenso kulakwa ndi tsoka. Mu Novembala 2020 boma lidathetsa mayeso a MSCE chifukwa mafunso adabedwa, ndipo ophunzira onse adalembanso mu Januwale 2021. Mwana wa chaka chimenecho amene sadabe kanthu alibe choti alape. Angonena zimene zidachitika. Kusowa fizi si tchimo. Umasiye si tchimo. Ndipo mtsikana wa zaka 15 amene adanyengedwa ndi bambo wamkulu asamasenze yekha dzina la wolakwa, pamene malamulo a dziko lino, kuyambira 2017, amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana.

Mpaka pano ndikhulupirira kuti owerenga ambiri akugwedeza mutu movomereza, pakuti kudzudzula bodza nkosavuta. Koma mkangano wanga waukulu uli ndi mlangizi winayo, wa kalata ya misozi, chifukwa iye amabwera atavala malaya a choonadi. Amauza ana kuti azungu amakonda nkhani zomvetsa chisoni, kuti amene walira kwambiri ndiye amasankhidwa, kuti tchimo lako ndi chuma chako. Ena mwa ife Akhristu timamuombera m'manja poganiza kuti kuulula zonse ndiko kudzichepetsa. Ine ndikuti ayi. Kumeneko ndi kutenga tsamba lowola kudzala nkukaliyala pamsika kuti ogula akumvere chifundo.

Katekisimu wa Eklezia Katolika wa 1992, pofotokoza lamulo lachisanu ndi chitatu, amaphunzitsa zinthu ziwiri pamodzi, ndipo tisatolepo chimodzi nkusiya chinzake. Choyamba, kunama nkoipa mwa chikhalidwe chake. Chachiwiri, munthu sakakamizidwa kuulula choona kwa amene alibe ufulu wochidziwa. Amaphunzitsanso kuti kuulula zolakwa za munthu wina popanda chifukwa chokwanira kwa anthu amene sakuzidziwa ndi tchimo lowononga mbiri, ngakhale zolakwazo zili zoona. Tsono kalata yoyamba ija idatchula mwamuna ndi dzina, idavula mayi wa mtsikanayo pamaso pa alendo, ndipo idanamizira banja lonse nkhanza. Mlembi wake ankati ndi kulimba mtima. Koma nkhani ya kugwa kwa munthu sikhala ya munthu mmodzi. Muli mayi, muli mwana amene adzadziwa kuwerenga, muli mbumba. Ndani adawapempha amenewo? Ngati mwamunayo ali ndi mlandu, malo ake ndi kupolisi ndi kubwalo la milandu, osati m'kalata yopempha sukulu.

Taganizaninso za m'mene Eklezia amasamalira chimene munthu waulula polapa. Mu 1215 msonkhano waukulu wachinayi wa ku Lateran udalamula kuti wansembe woulula za m'kolapira achotsedwe pa udindo nakalape moyo wake wonse m'nyumba ya amonke, ndipo mpaka lero chilango cha mlandu umenewo ndi kuchotsedwa mu Eklezia. Chifukwa chiyani mpanda wolimba chotere? Chifukwa Eklezia amadziwa kuti bala la munthu ndi chinthu cholemekezeka, chofunika kuchitsekulira sing'anga yekha. Tsono komiti yosankha ophunzira idalumbira chiyani? Kalata imawerengedwa ndi anthu angapo, imasungidwa m'makompyuta, ndipo kawirikawiri wolandira thandizo amapemphedwa kuti nkhani yake ndi chithunzi chake zikaonekere anthu. Komiti ingakupatse malo, koma singakukhululukire. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Zimene mwana wa zaka 20 walemba lero pofuna fizi zidzamtsata ali mayi wa zaka 40, ali mphunzitsi wamkulu kapena dokotala, ndipo madzi akatayika saoleka.

Choipa china cha malonda amenewa nchakuti amaphunzitsa mwana kudziyesa bala. Mtsikana uja amadziwa masamu kuposa ana ambiri amene ndidawaphunzitsa. Ndi iye amene amawerengetsera atsibweni ake ngongole ya feteleza ndi zodula za ku okushoni, nawaonetsa chimene chatsala pa belo lililonse. M'kalata ya misozi ija mudalibe liwu ndi limodzi lomwe la zimenezi. Mlembi wake adaona kuti nzeru sizigulitsa ngati misozi. Kodi si chipongwe chimenecho, kwa mwanayo ndi kwa dziko lake? Ndipo msika wa misozi uli ndi lamulo lake: mnzako akalira kwambiri, iwe uyenera kuwonjezera. Mapeto ake woulula zonse uja amakumana ndi wobisa zonse uja pamalo amodzi, pa bodza.

Wina anditsutsa nati: nanga Augustine Woyera, si uja adalemba buku lonse loulula machimo ake? Inde, ndipo mbiri yake ili kumbali yanga. Mu 384, pamene ankafuna ntchito yophunzitsa luso la kuyankhula mumzinda wa Milan, adayesedwa ndi Symmachus, mkulu wa mzinda wa Roma, poyankhula pa mutu umene adapatsidwa. Adaonetsa luso limene ntchitoyo inkafuna. Buku la Confessions adalilemba patapita zaka zoposa 10, ali kale episkopi wa ku Hippo, osafuna malo kwa munthu aliyense, ndipo m'bukumo akuyankhula ndi Mulungu.  Komanso Augustine anali ndi mwana wobadwa kunja kwa ukwati, Adeodatus. Sadamkane. Adabatizidwa naye limodzi mu 387. Sadabise mwana, ndiponso sadagulitse tchimo.

Wina anenanso kuti: nanga William Kamkwamba wa ku Wimbe konkuno ku Kasungu, si nkhani ya umphawi wake imene idamtsekulira dziko? Ayi, abale. Ana amene adasiya sukulu posowa fizi pa njala ya 2001 ndi 2002 anali ochuluka zedi m'boma lino. Chimene chidasiyanitsa Kamkwamba ndi makina oyendera mphepo amene adaimika pakhomo pa makolo ake, opangidwa ndi zitsulo zotola ndi nzeru za m'mabuku obwereka, amene munthu aliyense ankatha kupita kukawaona akuyatsa getsi. Njala idangofotokoza kumene adachokera. Makinawo ndiwo adanena chimene iye ali. Ndiwo adamfikitsa ku African Leadership Academy ku Johannesburg, ndi ku Dartmouth College ku America kumene adatsiriza maphunziro mu 2014.

Ngakhale kunja komweko anthu ayamba kuzindikira kuti kufukula zakale za mwana sikuthandiza. Ku America, fomu ya Common Application, imene makoleji mazanamazana amagwiritsa ntchito, idachotsa funso la milandu ya kukhoti mu 2019 ndi funso la zilango za kusukulu mu 2021, ngakhale koleji payokha ingathe kufunsabe. Ku Britain, bungwe la UCAS limapatsa wopempha malo a zilembo 4,000 zokha, ndipo kuyambira olowa mu 2026 limafunsa mafunso atatu: chifukwa chimene ukufunira maphunzirowo, m'mene sukulu yakukonzekeretsera, ndi zina zimene wachita kunja kwa kalasi. Palibepo funso lakuti udachimwa chiyani. Tsono mwana wathu adzivuliranji pamene eni nyumba sanampemphe?

Koma ndisasiye mpata woti wina abisalire m'mawu angawa. Pali zolakwa zimene munthu ayenera kuziulula ngakhale fomu itaiwala kufunsa. Ndi zija zimene zingaike pangozi anthu amene adzakhale m'manja mwake. Amene adachitapo zoipa kwa mwana ndipo akufuna uphunzitsi, unamwino kapena unsembe. Amene adaba ndalama zosungitsidwa ndipo akufuna maphunziro omkonzera kusunga chuma cha ena. Ameneyo sangati ndi chinsinsi changa. Apo sukulu, seminale kapena chipatala zili ndi ufulu wodziwa, chifukwa zikuimira ana ndi odwala amene sangadzifunsire okha. Nchifukwa chake ngakhale ku Britain funso la milandu lidatsalabe pa maphunziro a udokotala, uphunzitsi ndi ena otere. Muyeso ndi umenewu: kodi kukhala chete kwanga kungapweteke munthu wosalakwa, kapena kunyenga amene akundidalira? Ngati inde, yankhula. Ngati ayi, ndi za iwe, Mulungu wako ndi amene udawalakwira.

Kotero ndikuti kwa makolo ndi aphunzitsi: chimene chafunsidwa, mwana ayankhe zoona, ngakhale zitamtayitsa malo. Sindikubisirani kuti nthawi zina zidzamtayitsadi, pakuti osankha ndi anthu ndipo ena ali ndi mitima yopapatiza. Chimene mapepala akuonetsa okha, monga zaka zodumpha kapena mayeso olemba kawiri, achifotokoze m'mizere iwiri kapena itatu, popanda kudzitukwana ndiponso popanda kuloza chala wina, kenaka apitirire ku ntchito zimene wachita chigwereni. Chimene sichinafunsidwe ndipo sichipweteka munthu, achisiye kumene adachitula. Dzina la munthu wina lisalowemo. Ndipo kalatayo alembe yekha, chifukwa kalata yogula ndi bodza kuyambira pa moni.

Boma lathu lino lili ndi phunziro lakale pa za manyazi. Olemba mbiri ya Dr. Hastings Kamuzu Banda amasimba kuti cha mu 1915, ali mnyamata, adatulutsidwa m'chipinda cha mayeso ndi mmishonale T. Cullen Young, amene adamganizira kuti akuonera, pamene iye adangoimirira kuti aone bwino mafunso. Posakhalitsa adachoka kwao wapansi kunka kummwera. Patapita zaka pafupifupi 30, woganiziridwa ndi womganizira adakonza buku limodzi, Our African Way of Life, limene lidatuluka mu 1946. Za ulamuliro wake anthu amanena zambiri, ndipo si nkhani ya lero. Chimene ndikutolapo nchakuti tsiku limodzi la chitonzo lidatha kumchotsa mwana pamudzi, koma silidakhale dzina lake. Ndi ana angati a ku Lisasadzi, ku Chamama ndi ku Santhe amene sadatumize nkomwe fomu chifukwa choopa funso limodzi? Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Mwana wotere safuna womphunzitsa kunama kapena womphunzitsa kulira. Afuna munthu wamkulu womuuza kuti kugwa kwake ndi mzere umodzi m'kalata, osati kalata yonse.

Mtsikana uja adabweranso patapita sabata ndi kalata yachitatu, yolemba yekha. Pafomu, pamalo pofunsa za ana, adalemba kuti mmodzi. M'kalatamo adati adapumira sukulu zaka ziwiri atabereka mwana wake, ndi kuti adabwerera nakhoza. Zidathera pomwepo. Mbali yonse yotsalayo idasimba za kabuku kamene amalembamo ndalama za fodya, za m'mene adazindikirira kuti banja lingagwire ntchito miyezi 9 osadziwa ngati lapindula, ndi za chifukwa chake akufuna kuphunzira za chuma cha ulimi. Atsibweni ake adaiwerenga kawiri ali chete, kenaka adafunsa ngati angawonjezerepo kuti ndi iwo adamphunzitsa kusankha fodya.

Kalatayo idapita. Yankho likadali m'njira, ndipo lingabwere lokoma kapena lowawa. Koma belo limene adatumiza angalitsekule aliyense, pamwamba, pakati kapena pansi, ndipo mwini wake sadzagwetsa nkhope. Makolo anzanga, mwana akabwera kwa inu ndi mapepala awiri, mpatseni lachitatu losalembapo kanthu, mukhale naye pansi.